Mlongo wanga anakwatirana ndi mwamuna mnzake ku Johannesburg, pepala lakelo kuno ku Tete likugwira ntchito?

Funsoli lachokera kwa mayi wina wa ku Ulongwe, dzina anapempha kuti lisatchulidwe ndipo ndikuwamvetsa. Ndalidula pang'ono chifukwa linali lalitali: "Mlongo wanga wakhala ku Johannesburg zaka 14, ndi amene amatisunga tonse pakhomo, anawamangira amayi nyumba ya malata komanso ali ndi nyumba ina ya lendi ku Moatize. Chaka chatha anandiululira kuti munthu amene amakhala naye ndi mwamuna mnzake wa konko, ndipo anakalembetsa ku boma, pepala lilipo. Pano akuti abwera naye pa Disembala kudzaona amayi. Ine mutu waima. Kodi sadzawamanga? Pa wailesi za ku Malawi timamva kuti khoti linakana zimenezi. Nanga pepala lakelo kuno ndi lovomerezeka? Ndiye Mulungu asalole, atati watisiya, nyumbazi zidzakhala za ndani?"

Mayi, choyamba ikani mtima m'malo. Kuno ku Mozambique palibe lamulo loti wapolisi angamangire alongo anuwo chifukwa chokhala ndi mwamuna mnzawo, kaya ndi pa Ressano Garcia, kaya ndi pa mlatho wa Samora Machel, kaya ndi pakhomo panu pompo ku Ulongwe. Koma pepala lija, likangowoloka malire kulowa kuno, limasanduka pepala wamba basi. Boma lathu siliwawerenga ngati banja. Ndiye pali zinthu ziwiri apa zimene anthu amakonda kuziphika mumphika umodzi, kusamangidwa ndi kwina, kuvomerezedwa kuti uwu ndi ukwati ndi kwinanso, ndipo milandu yonse imene mumamva m'makhoti a mayiko osiyanasiyana imazungulira pa mpata umene uli pakati pa ziwirizi.

Kusokonezeka kwanuko sindikudabwa nako olo pang'ono. Ife a ku Angónia mwendo umodzi uli ku Malawi, msika ndi wa ku Lizulu kapena pa Biriwiri pomwe msewu womwewo ndiwo malire, mthumba muli metikali ndi kwacha, wailesi yomveka bwino ndi ya ku Lilongwe, ndiye nkhani za kumeneko timangozitenga ngati zathu. Ku Malawi zinthu ndi zolimba zedi. Mukukumbukira chinkhoswe chija cha ku Blantyre mu Disembala 2009, cha Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga, amene boma linawaona ngati amuna awiri, anawamanga patangopita masiku ochepa, mu Meyi 2010 khoti n'kuwapatsa zaka 14 aliyense, kenako Bingu wa Mutharika anawakhululukira mwezi womwewo Ban Ki-moon wa United Nations atabwera kudzacheza. Onani apo, sunali ukwati wa ku boma ayi, chinkhoswe chabe. Mu 2015 Malawi inakhazikitsa lamulo latsopano la maukwati lonena poyera kuti ukwati ndi wa mwamuna ndi mkazi. Ndipo nkhani imene munamva pa wailesiyo ndikuganiza ndi ya pa 28 Juni 2024, pamene oweruza atatu a khoti loona za malamulo oyendetsera dziko anakana pempho la Jan Willem Akster ndi Jana Gonani loti ndime za malamulo zolanga mchitidwewu zifafanizidwe, anati nkhaniyi ndi ya aphungu ku nyumba ya malamulo. Mu Julaye 2023 mlanduwo uli mkati mipingo ndi Asilamu anachita zionetsero zikuluzikulu m'mizinda, anthu ambiri ankati akutsutsa ukwati wa amuna okhaokha, chonsecho mlanduwo sunali wa ukwati, unali wongofunsa ngati munthu ayenera kupita kundende. Zonsezi ndi za tsidya la malire a Calómuè. Kuno sizikutikhudza.

Kwathu kuno nkhani inayenda mwakachetechete moti ambiri mpaka lero sadziwa. Tinali ndi Código Penal, buku la malamulo a milandu ndi zilango, ya Apwitikizi ya 1886, mmenemo munali ndime zonena za anthu ozolowera kuchita zimene ankazitcha zonyansa zosemphana ndi chilengedwe, munthu ankatha kutsekeredwa mpaka zaka zitatu akugwira ntchito yakalavulagaga. Chilandirireni ufulu mu 1975 ndimezo zinangogona m'buku osagwiritsidwa ntchito kwenikweni. Aphungu ku Maputo atakonza Código yatsopano anangozisiya kunja, a Guebuza anasaina mu Disembala 2014, n'kuyamba kugwira ntchito kumapeto kwa Juni 2015. Panalibe zionetsero, panalibe mlandu ku khoti. Chaka chomwecho cha 2014, mu Januwale, a Chissano anali atalemba kalata kwa atsogoleri a mu Africa yopempha kuti anthu oterewa asamazunzidwe, ndipo ngakhale lamulo la ntchito la 2007 linali litaletsa kale kusala munthu pantchito pa chifukwa chimenechi. Ndiye pa nkhani ya ndende mugone tulo.

Tsopano ukwati. Lei da Família yathu, lamulo la za mabanja, ya 2004 imene inakonzedwanso mu 2019, imati ukwati ndi mgwirizano wa mwamuna mmodzi ndi mkazi mmodzi mwa kufuna kwawo. Imavomereza mitundu itatu, wa ku Registo (ofesi ya boma yolembetsa maukwati), wa kutchalitchi ndi wachikhalidwe wa ankhoswe ndi mfumu, ndipo iwiri yomalizayi imafanana mphamvu ndi wa ku Registo ikalembetsedwa. Komanso ilipo união de facto, ija yoti anthu angolowana n'kukhala limodzi zaka zoposa zitatu osalekana, lamulo limawapatsa ufulu pa katundu amene apeza limodzi, koma nayonso inalembedwa kuti mwamuna ndi mkazi. Ndiye khomo la kutsogolo ndi lotseka, la kuseri nalonso ndi lotseka. Lamuloli limapitiriranso apo, ukwati wa anthu awiri onse amuna kapena onse akazi limautcha inexistente, kutanthauza kuti pamaso pa lamulo sunachitikepo n'komwe. Mawu amenewa ndi olemera kuposa mmene akumvekera. Ukwati wolakwika, mwachitsanzo wokakamiza, umafunika khoti kuti liuthetse, ndipo usanathetsedwe umakhala ulipo. Koma uwu sufuna n'komwe khoti, palibe choti athetse.

Mwina mufunsa kuti nanga si anakwatirira kunja, bwanji boma lathu osangolemekeza za dziko la eni? Nthawi zambiri limalemekezadi. Mnyamata wa ku Domwe akakwatira mtsikana ku Durban, amatenga chikalata chija n'kukachilembetsa m'mabuku a boma lathu, n'kukhala banja kunonso. Koma Código Civil yathu, buku la malamulo a nkhani za pakati pa anthu, ili ndi mfundo ziwiri zimene zimatchinga apa. Yoyamba, funso loti munthu ali woyenera kukwatira ndani limayankhidwa ndi lamulo la dziko limene iye ali nzika, ndiye alongo anu ngati akadali ndi BI, chiphaso cha unzika, ya Mozambique lamulo la kuno limawatsatira ngati chithunzithunzi chawo. Yachiwiri ndi imene timaitcha ordem pública, yoti lamulo la dziko lina silingagwiritsidwe ntchito kuno ngati likuwombana ndi maziko a malamulo athu. Wa ku conservatória, ofesi ya Registo ija, akangoona mayina awiri achimuna abweza pepalalo, ndipo sikuti wachita nkhanza kapena akufuna kangachepe, buku lake silimulola.

Koma pepalalo musaliyese lachinyengo ayi, ku South Africa ndi ukwati weniweni, ndipo mmene anafikira pamenepo ndi nkhani yoti muimve chifukwa ili ndi fungo la kwathu kuno. Malamulo oyendetsera dziko lawo a 1996 anatchula mwachindunji kuti munthu asasalidwe chifukwa cha amene amakopeka naye, chinthu chimene panthawiyo chinali chachilendo padziko lonse. Kuchokera apo anthu sanathamangire ukwati, anayenda ngati nkhuku yotola chimanga, kamodzikamodzi. Mu 1998 khoti lalikulu linachotsa chilango cha amuna ogonana okhaokha. Mu 1999 linati mlendo amene ali pa ubwenzi wokhazikika ndi nzika ya dzikolo apatsidwe chilolezo chokhala ngati mmene amachitira ndi okwatirana. Mu 2002 jaji wina wamkazi, Kathy Satchwell, anawina mlandu woti mnzake azilandira nawo za penshoni, chaka chomwecho inadutsanso nkhani yolera ana limodzi. Ndiye pofika pa mlandu wa amayi awiri, Marié Fourie ndi Cecelia Bonthuys, amene anayamba ku khoti la ku Pretoria mu 2002 n'kuluza, n'kuchita apilo mpaka kukafika pamwamba, msewu unali utalambulidwa kale. Chigamulo chinatuluka pa 1 Disembala 2005, wolemba anali Albie Sachs.

Dzina limeneli akuluakulu a ku Maputo amalidziwa. Sachs anathawa tsankho kwawo, anadzakhala ku Mozambique kuyambira 1977, ankaphunzitsa za malamulo pa Universidade Eduardo Mondlane, ndipo pa 7 Epulo 1988 akazitape a boma la tsankho anamutchera bomba mu galimoto ku Maputo konko, dzanja lamanja linaduka, diso limodzi n'kufa. Madokotala athu ndi amene anamupulumutsa. Mandela atamusankha kukhala woweruza mu 1994, n'kudzakhala iyeyo wolemba chigamulo chimene chapangitsa kuti lero alongo anu akhale ndi pepala limenelo, dziko ndi lozungulira ndithu. Chimene ine chimandisangalatsa ngati munthu wa malamulo ndi mmene anachitira mochenjera, sanalamule kuti mawa m'mawa ayambe kukwatitsa ayi, anapatsa aphungu chaka chimodzi kuti akonze okha lamulo, akalephera ndiye mawu a m'lamulo lakale adzasintha okha. Woweruza mmodzi, Kate O'Regan, anati chaka chachuluka, anthu apatsidwe ufulu wawo pompo, koma enawo anaona kuti nkhani yowawa chonchi ndi bwino anthu osankhidwa ndi mavoti aikepo dzanja. Aphungu anavota mu Novembala 2006, 230 kuvomera 41 kukana, Civil Union Act n'kuyamba kugwira ntchito pa 30 Novembala, kutatsala tsiku limodzi kuti nthawi ithe. Ndipo chigamulocho chinanena momveka kuti palibe m'busa kapena wansembe amene adzakakamizidwe kudalitsa ukwati wosemphana ndi chikhulupiriro chake. Izi ndikunena dala chifukwa ndimamva anthu m'machapa akuti lamulo likadzabwera ndiye abambo mfumu adzamangidwa akakana, bodza limenelo. Mpaka lero mu Africa muno dziko lokwatitsa amuna kapena akazi okhaokha ndi South Africa yokha.

Mlandu wofanana kwambiri ndi nkhani yanu koma ndi wa ku Namibia, apa ndiye tcherani khutu. Daniel Digashu wa ku South Africa anakwatirana ndi mwamuna wa ku Namibia, Johann Potgieter, ku South Africa mu 2015, atasamukira ku Namibia a zolowa ndi kutuluka anakana kumuona ngati wapabanja. Panalinso mayi wa ku Germany, Anita Seiler-Lilles, amene anakwatirana ndi mkazi wa ku Namibia ku Germany, vuto lomwelo. Sankapempha kuti Namibia iyambe kukwatitsa ayi, ankangoti pepala tili nalo kale, tiloleni tikhale limodzi m'dziko la mnzathu osamangopempha viza ngati mlendo wodzaona nyama. Khoti loyamba mu Januwale 2022 linawamvera chisoni koma linati manja athu ndi omangika ndi chigamulo chakale cha 2001. Pa 16 Meyi 2023 khoti lalikulu linawapatsa chilungamo, oweruza anayi kwa mmodzi, linati ukwati womangidwa movomerezeka kunja uwerengedwe pa nkhani ya chilolezo chokhala m'dziko. Koma walira mvula walira matope. Dziko linawira, mipingo inakwiya, aphungu anathamanga ndi mabilu, ndipo pomafika 2024 kunatuluka lamulo latsopano la maukwati lonena kuti ukwati ndi wa mwamuna ndi mkazi. Chaka chomwechonso, mu Juni, khoti lina konko linachotsa lamulo lakale lolanga amuna ogonana okhaokha. Ndiye mukuona, dzanja ili likupereka dzanja ilo likulanda, m'dziko limodzi chaka chimodzi.

Anthu akamva za milanduyi amaganiza za madiresi oyera ndi keke, koma mukawerenga mafayilo ake mupeza kuti ambiri anayambira pa maliro ndi pa katundu, ndendende funso lanu lomaliza lija. Ku America, Edith Windsor mnzake amene anakhala naye zaka zoposa 40 atamwalira, boma linamulipiritsa msonkho wa chuma chamasiye woposa madola 360,000, ndalama imene mkazi wamasiye wa mwamuna sakanalipira, anakasuma n'kuwina mu 2013. Jim Obergefell anakwatirana ndi John Arthur ali kale wodwala kwambiri, ku Maryland chifukwa kwawo ku Ohio zinali zoletsedwa, ndipo chimene ankafuna n'chakuti dzina lake lilembedwe pa chikalata cha imfa ngati mwamuna wake wa malemuyo, basi. Mlanduwo ndi umene unakafika ku khoti lalikulu n'kutsegula ukwati m'dziko lonse la America pa 26 Juni 2015, oweruza asanu kwa anayi, masiku ochepa chabe Código Penal yathu yatsopano isanayambe kugwira ntchito.

Sikuti makhoti onse amavomera. Ku India mu Okutobala 2023 khoti lalikulu linakana, linati pitani kwa aphungu, ngakhale kuti khoti lomwelo ndi limene linachotsa chilango mu 2018. Ku Portugal, kumene malamulo athu ambiri anachokera, amayi awiri anakanizidwa ku conservatória mu 2006, anakafika mpaka ku Tribunal Constitucional n'kuluza mu 2009, koma chaka chotsatira aphungu anasintha okha lamulo. Ku Brazil ndi oweruza amene anatsegula njira mu 2011 ndi 2013. Ku Botswana makhoti anachotsa chilango mu 2019 ndi 2021 koma za ukwati sanakhudze. Zimbabwe ndiye anachita kukhoma ndi loko, analemba m'malamulo oyendetsera dziko a 2013 kuti anthu ofanana ziwalo sangakwatirane, kuti woweruza asadzapeze polowera.

Nanga alongo anu angachite ngati Digashu kuno? Pa pepala njira ilipo. Constituição yathu, malamulo oyendetsera dziko, pa ndime ya banja imati boma limateteza ukwati ndipo ukwati umamangidwa pa kufuna kwa eni ake, sinalembe kuti mwamuna ndi mkazi ngati ya ku Zimbabwe, mawu amenewo ali mu Lei da Família imene aphungu atha kusintha tsiku lililonse atafuna. Koma ndime 35 yonena za kufanana kwa anthu imatchula khungu, mtundu, chipembedzo, maphunziro ndi zina, nkhani iyi mulibemo, pamene ku South Africa mpeni wawo unali umenewo. Chinanso, kuno munthu wamba sangangodzuka n'kukagogoda ku Conselho Constitucional, bwalo loona za malamulo oyendetsera dziko, kuti lamulo ili lifafanizidwe, amene amaloledwa ndi Pulezidenti, mkulu wa nyumba ya malamulo, gawo limodzi mwa magawo atatu a aphungu, nduna yaikulu, Procurador-Geral (mkulu woimira boma pa milandu), Provedor de Justiça (womva madandaulo a anthu pa za boma), kapena nzika 2,000 zitasaina pamodzi. Apo ayi uyambe ku khoti wamba n'kumayembekeza kuti woweruza akana kugwiritsa ntchito lamulolo kuti nkhani ikwere yokha. Ndipo taonani za bungwe la Lambda, limene limayankhulira anthu oterewa, linapempha kulembetsedwa ku boma mu 2008, zaka n'kumapita osayankhidwa, mu 2017 Conselho Constitucional inagamula kuti ndime ya lamulo la mabungwe la 1991 yokaniza gulu pa chifukwa cha makhalidwe ndi yosemphana ndi Constituição, koma ngakhale apo chikalata sichinatuluke msanga ngati mmene anthu ankaganizira. Ngati kulembetsa bungwe kokha kukudya zaka chonchi, ukwati ndiye bwanji. Maganizo anga, ndipo ndi anga ndithu, alongo anu asaike moyo wawo pa mlandu umenewu. Ndi ndalama zambiri, zaka zambiri, nkhope zawo pa TV, ndipo amene adzasenze zonena za anthu kumsika ndi kumpingo ndi inu ndi amayi amene mumakhala konkuno. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Pali mapepala ena amene atha kusainidwa sabata imodzi n'kugwira ntchito yaikulu ndithu.

Tiyeni tsono ku nyumba zija. Zitachitika zimene sitikufunazo popanda chilichonse cholembedwa, katundu wa kuno adzagawidwa motsatira Lei das Sucessões ya 2019, lamulo la chuma chamasiye. Lamulo limeneli linachita bwino pokweza mkazi kapena mwamuna wotsala, ngakhale wa união de facto, kuti akhale pamzere woyamba limodzi ndi ana, chifukwa kale amasiye ankavutika zedi. Koma mnzawo wa alongo anuyo pamzerewo palibepo, kuno ndi mlendo ngati wina aliyense wodutsa mumsewu. Ngati pali mwana kwinakwake, mwanayo ndiye woyamba, ndipo apa afunseni bwinobwino chifukwa ana ena amatulukira tsiku la maliro. Ngati palibe, ndi amayi anu, inu abale mumabwera pambuyo. Pamene katundu wa ku Johannesburg, akaunti ya kubanki, penshoni ya kuntchito, nyumba ngati ilipo, kumeneko mnzawoyo ndi mwamuna wake wovomerezeka ndipo mawu ake ndi amene adzamveke. Ngakhale nkhani yoti thupi libwere kumudzi kapena liikidwe konko, a chipatala ndi a maliro kumeneko adzayamba kufunsa iyeyo. Ndiye taonani mmene zakhalira, kuno mphamvu zili ndi inu, uko zili ndi iye, mukadana palibe amene adzapindule, inu mudzalephera kutenga thupi iye adzalephera kuponda pa nyumba imene mwina anaikapo ndalama zake.

Ndinaonapo nkhani yotere pa ntchito yangayi, sinali ya amuna okhaokha koma ya mayi amene anakhala ndi bambo wina zaka zambiri popanda kalikonse kolembedwa, tsiku lotsatira maliro achibale anabwera ndi loko watsopano, mpaka mbale ndi zofunda anawerenga. Mayiyo lero lamulo likanamuteteza. Mnzawo wa alongo anuyu lamulo silimudziwa, chomuteteza ndi mapepala ndi mtima wa banja lanu basi.

Ndiye akabwera pa Disembala, asanayambe za nyama ya mbuzi ndi kuzungulira kwa achibale, apite kwa notário, wotsimikizira zikalata, ku Tete akalembe testamento, ndiye kuti wilo. Munthu ali ndi ufulu wosiyira aliyense gawo la chuma chake, kaya ndi mnzake kaya ndi mpingo, safunsidwa kuti ndi ndani wako. Koma dziwani kuti si chuma chonse, pali gawo limene lamulo limasungira ana ndi makolo lotchedwa legítima, limenelo testamento singalikhudze, ndiye ngati palibe mwana amayi anu sangamanidwe gawo lawo, izi muwauze kuti mtima ukhale pansi. Nyumba ya amayi ija ngati cholinga chinali choti ndi yawo, ilembedwe m'dzina lawo pano onse ali moyo. Ya ku Moatize ngati anamanga ndi ndalama za anthu awiri, zilembedwe kuti uyu anaika zakuti uyu zakuti, malisiti a simenti ndi malata, mapepala otumizira ndalama, zonse zisungidwe, chifukwa khoti limene silingamve za ukwati limamva bwinobwino za ngongole ndi za katundu wa anthu awiri. Pa malo pokha samalani, nthaka kuno ndi ya boma, timangokhala ndi DUAT, chilolezo chogwiritsa ntchito malo, ndipo mlendo kuti akhale ndi DUAT m'dzina lake pali zofunika zolimba kuphatikizapo kukhala m'dziko muno zaka zisanu, ndiye musangothamangira kuwonjezera dzina lake pa pepala la malo musanakhale pansi ndi loya. Alembenso procuração yopatsa munthu mphamvu zoyendetsa zinthu zawo kuno, kutolera lendi, kusaina ku banki, kaya ndi inuyo kaya ndi mnzawoyo, kungoti procuração ndi ya munthu wamoyo, singalowe m'malo mwa testamento. Ndipo ku South Africa akalembenso wilo ina yonena za katundu wa kumeneko ndi komwe akufuna kudzaikidwa, maloya awiriwo adziwane kuti pepala lina lisafafanize linzake. Ngati ndalama ya loya yavuta pitani ku IPAJ, amathandiza anthu osowa.

Za ulendo. Mlendoyo ndi pasipoti ya South Africa alowa ngati mlendo aliyense wodzacheza, masiku 30 popanda viza, palibe amene adzamufunse kuti mukugona chipinda chiti. Koma atafuna kudzakhazikika kuno, DIRE, chiphaso cha mlendo wokhala m'dziko muno, sangaipeze kudzera mu ukwati, afunika njira ina monga ntchito kapena bizinesi. Njira yobwerera aisankhe bwino. Basi zambiri zimadzera ku Beitbridge, Harare, n'kudzalowa pa Cuchamano, ndipo ku Zimbabwe kugonana kwa amuna okhaokha ndi mlandu. Lamulo limalanga mchitidwe osati kukhala pampando umodzi m'basi, komabe chikalata cha ukwaticho asachiike mu chikwama chimene chisechedwe pa malire, chilibe ntchito paulendowu, chitsale ku Johannesburg. Kudzera ku Ressano Garcia n'kukwera ndi EN1 mpaka Inchope, Chimoio, Changara ndi kotalika koma ndi mwathu mokhamokha, apo ayi ndege yotera pa Chingodzi. Ndipo zoti tiyeni tikamuonetse mlendo ku Dedza kapena tikagule kabichi tsidya linalo, ulendo uno zisiyeni, kapena apite ngati anthu awiri odziwana basi.

Chimene lamulo silingakuchitireni ndi cha pakhomo. Kwathu ukwati si wa anthu awiri, ndi wa ankhoswe, kwa Angoni kuno pali malowolo, kwa Achewa a ku Macanga ndi Chifunde pali chikamwini ndi malume amene amayankhula, ndiye munthu wobwera popanda nkhoswe anthu sadziwa n'komwe pomukhazika kapena dzina lomuitanira, mlamu kapena mlendo. Palibe khoti limene lingalamule amayi anu kuti amulandire, ndipo palibenso mfumu, secretário wa bairro kapena bwalo la m'mudzi limene lili ndi mphamvu yowalipiritsa chindapusa, kuwathamangitsa kapena kuwakwapula pa nkhaniyi, wina akawaopseza kapena kuwagwira thupi ameneyo ndiye wapalamula ndipo mukamunenere ku polisi. Zoti muvomereze kapena ayi ndi za mumtima mwanu ndi chikhulupiriro chanu, ine pamenepo sindilowapo. Koma poti munthuyu anasankha kuululira inu osati wina, ine ndikanakhala inu ndikanamuimbira foni isanafike Disembala n'kumufunsa kuti amayi akudziwa chiyani, akufuna adziwe zingati, ndipo awauze ndani, iye mwini kapena inu mutsogole. Amayi achikulire kuwadzidzimutsa pa khonde anthu atadzaza kudzalandira katundu wa ku Johannesburg si bwino, BP imakwera. Ngati aona kuti ulendo woyamba uno mlendoyo afikire ku nyumba ya alendo mu tauni ya Tete n'kumabwera masana, palibe cholakwika, ndipo kumeneko ndi kufupinso ndi kwa notário.